Kale Chithunzi Tinkachidikira

Kale munthu sankangodzuka n'kujambulitsa. Inali nkhani yopangana, yosungira ndalama, yochapira zovala dzulo lake. Kumudzi kwathu wojambula ankabwera Lamlungu pa njinga yakapalasa, kamera ili m'khosi, chikwama chachikopa atachimangirira pa keliyala. Ankadziwa kuti limeneli ndiye tsiku limene anthu asamba bwino, adzola mafuta, avala za kutchalitchi. Mapemphero akangotha mumakamupeza pansi pa mtengo wa mango, anthu atamuunjirira, ena kudzatenga zithunzi za mwezi watha, ena kudzajambulitsa zatsopano. Ana ife tinkangomulondola kulikonse ngakhale tinalibe ndi tambala yomwe.

Funso lake loyamba linali lodziwika: "Hafu kapena fulu, mayi?" Hafu ndiye kuyambira m'chiuno kukwera kumutu, fulu thupi lonse mpaka kumapazi. Amene wagula nsapato zatsopano sankalola hafu. Mukagwirizana mtengo munkapereka theka, iye n'kulemba dzina lanu m'kabuku kake, theka linalo mudzamalize chithunzi chikabwera. Apo ntchito inkayamba, ndipo sinali yothamangira. Ankayamba wakuyang'anitsitsani, n'kukutembenuzani kuti dzuwa likhale kumsana kwake, kuwala kugwere pankhope panu. Ankakukonzani kolala, kukuwongolerani duku, kuthamangitsa nkhuku yomwe ikudutsa kumbuyo. "Kwezani chibwano pang'ono, achimwene. Ayi, mwaonjeza. Eya, pomwepo. Musaphethire." Kenako ankabwerera m'mbuyo, n'kugwada bondo limodzi, diso limodzi atatsinzina, zala zikupotokola galasi la kamera pang'onopang'ono mpaka nkhope itaoneka bwino. Munthu unkaima njo, mpweya utaugwira, mpaka umve kuti khethe. Filimu inkakhala ndi malo 36, ina 24, ndipo malo alionse anali ndalama. Wojambula wophonyaphonya ankadya mpamba wake womwe.

Ndiye kudikira. Sakanapita kutawuni filimu isanathe, choncho amene wajambulitsa koyambirira ankadikira anzake onse. Ikatha ankakwera basi kupita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kukatsukitsa, ndipo sabata zinkapita. Nthawi zina ankabwera nkhope ili yakugwa, n'kunena mawu amene aliyense ankawaopa: "Pepani, filimu ija inapsa." Mwina kuwala kunalowa m'kamera, mwina otsuka analakwitsa mankhwala. Ngati linali tsiku wamba, ankakujambulaninso ulere. Koma ngati unali ukwati kapena ubatizo wa mwana, zinali zitapita basi, ndipo mabanja ena mpaka lero alibe chithunzi cha tsiku lawo laukwati pa chifukwa chimenechi. Koma zikabwera bwino, envelopu ija inkayenda m'manja mwa mudzi wonse. Aliyense ankapukuta kaye manja pachitenje asanagwire, ndipo ankagwira m'mphepete.

M'matawuni ndi m'maboma munali masitudiyo. Kachipinda kamodzi, chinsalu kukhoma chojambulidwa nyumba zosanja kapena nyanja ndi migwalangwa, mpando umodzi wabwino, maluwa apulasitiki, telefoni yopanda waya pakatebulo. Pamsomali pankapachikidwa jekete ndi tayi zobwereketsa, pena ndi magalasi akuda. Mnyamata ankakwinya dzanja la malaya kuti wotchi ioneke, ngakhale wotchiyo ndi ya mnzake amene akudikira pakhomo. Wina ankanyamula wailesi, wina ankatsamira galimoto ya eni yomwe yaima panja pa sitolo. Kumudzi bambo ankasankha kuima kutsogolo kwa nkhokwe yodzaza kapena pakati pa chimanga chomasula, mayi pafupi ndi makina ake osokera.

Ndamvapo ophunzira ena akunena kuti zithunzi zimenezi zinali zabodza, zoti anthu ankadzionetsa zomwe sali. Ine sindivomereza. Munthu amene sabata yonse wakhala akusenza matumba kapena kutchola tiyi ku Thyolo, akuitanidwa ndi mluzu, ankafika pamaso pa kamera n'kusankha yekha mmene akufuna adzukulu ake adzamuonere. Tisaiwale kumene tinachokera. Kamera inafika m'dziko muno m'manja mwa alendo. John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi kuyambira mu 1858, anali nayo kale, ndipo pambuyo pake amishoni, asilikali ndi atsamunda anajambula makolo athu mmene iwo ankafunira: ali pamzere, atanyamula machila, atakhala pansi mzungu ali pampando, kawirikawiri popanda ndi dzina lomwe. Situdiyo ya munthu wakuda inatembenuza zimenezi. Wolipira anali iwe, wosankha chovala iwe, ndipo chithunzi chinkapita kunyumba kwako.

Mmodzi mwa oyamba kugwira ntchitoyi anali Mungo Murray Chisuse, yemwe anali wosindikiza mabuku pa Blantyre Mission ndipo anakaphunzirako ku Scotland. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anali akujambula anthu mu Blantyre, ndipo mwa amene anaima pamaso pa kamera yake panali John Chilembwe ndi anthu a ku Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chilembwe ankaidziwa mphamvu ya chithunzi. Taonani mmene anakhalira pa chithunzi chake ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo: suti yoyenera thupi, mayi atavala diresi lalitali, onse akuyang'ana kutsogolo mopanda mantha. Pa chithunzi china cha mu 1914 waima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Chaka chotsatira, mu 1915, Chilembwe anaphedwa ndipo tchalitchi chake chinagumulidwa, koma zithunzi zinatsala. Nkhope imene timaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama ya K500 ndi K2,000 tikuidziwa chifukwa wina anaijambula. Ndipo mu September 2022, Samson Kambalu, mwana wa kuno kwathu, anaimika chosema chake pa Trafalgar Square mumzinda wa London, chochokera pa chithunzi cha chipewa chija. Kapepala kamodzi kanadikira zaka zoposa 100 kuti kadzalankhulenso.

Anthu wamba nawo ankalankhulitsa zithunzi zawo. Amene anapita ku Joni pa Wenela kapena pa Theba, amene anakagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya kopa ku Kitwe, ankaika chithunzi m'kalata. Chinkanena zimene kalata sikanatha kutsimikiza: ndili moyo, manja ndi miyendo zonse zilipo, ndanenepa, musadandaule. Kuseri kunkalembedwa dzina, malo, tsiku, ndi mawu awiri atatu a moni. Alipo ana ambiri amene anawadziwa bambo awo poyamba pa kapepala kotere, mayi akuloza ndi chala kuti, "Abambo ako ndi awa." Pachibwenzi, kupempha chithunzi kunali kufunsira kwachiwiri, ndipo mtsikana akakupatsa chake unkadziwa kuti mawu ako agwira. Chibwenzi chikatha, zithunzi zinkabwezedwa, apo ayi lezala linkagwira ntchito. N'chifukwa chake m'maalubamu akale mumapeza zithunzi zodulidwa pakati, patangotsala dzanja la munthu paphewa la mnzake.

Alubamu yomweyo inali ndi ntchito yake pakhomo. Mlendo akafika, mwapatsana moni, madzi a nsima ali pamoto, ankapatsidwa alubamu kuti azionako. Mwana wa pakhomopo ankakhala pambali n'kumafotokoza: awa ndi amalume a ku Kasungu, awa ndi azakhali amene anamwalira chaka cha njala, apa ndi pamene achemwali anamaliza sukulu ya unamwino. Mwanayo, osadziwa, ankaloweza mbumba yake yonse. Ndipo amene amadziwa kuwerenga zithunzi amaonamo mbiri ya dziko. Pa zithunzi za m'ma 1970 ndi m'ma 1980 simupezapo mayi atavala buluku kapena siketi yaifupi, kapena mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, chifukwa malamulo a kavalidwe a nthawi ya Kamuzu, monga lija la mu 1973, ankaletsa. Zojambulidwa m'sitolo kapena mu ofesi, kumtunda kwake mumaona chithunzi cha Kamuzuyo, chimene chinkapachikidwa pamwamba pa china chilichonse.

Komabe kale lija linali ndi chilema chake, ndipo chimandipweteka. Popeza chithunzi chinali chodula, palibe amene ankalola kujambulidwa ali ndi dothi m'manja. Agogo anga aakazi anali woumba mbiya wodziwika dera lonse. Ankakatapa okha dongo kudambo, kulisinja, kuliponda, n'kukhala pansi miyendo atatambalitsa, phale lili pakati. Ankaumba ndi zala, kusalaza ndi chitsononkho ndi chigoba cha nkhono, kenako n'kulemba mizere pakhosi pa mtsuko ndi kamtengo, mizere imene aliyense pamsika ankaizindikira kuti ndi yawo. Chithunzi chawo chomwe tili nacho, aima chilili pafupi ndi khoma, avala chilundu chatsopano, manja ali m'mbali, nkhope ili gwa. Ndi iwo ndithu, koma manja aja amene analera banja lonse sakuchita kanthu. Wojambula akanati awajambule akuumba, akanamukalipira kuti akufuna kuwachititsa manyazi.

Ndi mmene tinatayira osula makasu, oluka nkhokwe ndi malichero, osema mitondo ndi mabwato, okunga ng'oma, amayi otsutsuta pakhoma ndi dothi lamitundumitundu. Luso lawo tinkalidya tsiku ndi tsiku koma sitinkaliona ngati chinthu choyenera filimu. Ngakhale oimba amene nyimbo zawo zinkamveka pa MBC m'nyumba iliyonse, ambiri tinkangowadziwa mawu. Allan Namoko, woimba banjo wosaona wa ku Thyolo, dziko lonse linkamuvina, koma ndi angati akanamuzindikira atakumana naye pamsewu? Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka timatha kuwaona ali anyamata, gitala ndi chitoliro zili m'manja, makamaka chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo mu 1967 n'kuyamba kuwajambula. Tiyenera kumuthokoza. Koma zikutanthauzanso kuti amene mlendo sanawapeze anapita osasiya nkhope.

Apa ndiye pamene lero lapambana, ndipo ndikunena mosanyinyirika. Filimu inagonja, moti mu 2012 kampani ya Kodak yeniyeniyo inakagwada kukhoti ku America kuti ngongole zaikulira. Kamera inalowa m'foni, foni inalowa m'thumba la wogulitsa tomato. Kujambula sikudyanso mpamba, ndiye munthu akhoza kudikira, kujambula kambirimbiri, mpaka agwire kamphindi kamene wojambulidwayo waiwala zoti pali kamera. Ndaona zithunzi zojambulidwa ndi achinyamata athu zimene wojambula wa pa njinga uja sakanayerekeza: wokhoma zidebe ndi mbaula ku Ndirande, nyundo ili m'mwamba, thukuta likutsika m'khosi, telala wa pakhonde atalumira ulusi, osema ziboliboli ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, zipalapasiro zili mbwee pamiyendo, amayi a kwaya akuseka kuseri kwa tchalitchi asanalowe, asodzi akukoka khoka m'bandakucha ku Mangochi. Oimba achinyamata, opaka zithunzi, osoka zovala zachitenje, onse tsopano ali ndi nkhope, ndipo mbale wathu ali ku Johannesburg kapena ku Leicester amaona mwana wobadwa m'mawa dzuwa lisanalowe. Atsikana nawonso agwira kamera, ntchito imene kale inali ya abambo okhaokha.

Ojambula olipidwa sanathe, angosintha. Pa ukwati mumawaona akujambula alendo polowa, n'kuthamangira kukasindikiza, pofika nthawi ya perekaniperekani zithunzi ataziyala panja kuti mwini nkhope agule. Pa tsiku lomaliza maphunziro ku koleji zimakhalanso chimodzimodzi. Ena ali ndi makamera akuluakulu ndi magetsi awo, ndipo ntchito yawo ndi yaukhondo kuposa ya kale. Koma ntchito yeniyeni ya tsiku ndi tsiku, yojambula banja pakhomo pake, inalandidwa ndi foni.

Nanga tataya chiyani? Choyamba ndi kupempha. Wojambula wakale sankaloza kamera munthu asanavomere, osati chifukwa cha ndalama yokha, koma chifukwa ankadziwa kuti sabata yamawa abweranso m'mudzi momwemo ndipo adzayang'anana nawo maso. Ankadziwa kuti pasiwa sajambulapo, kuti mayi woyamwitsa umamupatsa mpata akonzeke, kuti Gule Wamkulu akatuluka suyamba wekha kutola zithunzi akuluakulu a kudambwe asanalole. Lero minibasi ikagubuduka, mafoni amafika msanga kuposa manja othandiza. Munthu ali magazi okhaokha, ena ali kalikiliki kumujambula, ndipo mkazi wake amamva za imfa ya mwamuna wake pa gulu la WhatsApp, mthenga wa kubanja asanafike. Wodwala misala pamsika, mwana wovala zong'ambika, gogo amene wagwa ndi mowa, onse asanduka zoseketsa za pa Facebook. Mabungwe ena nawonso amajambula ana athu odwala ndi anjala n'kukawaonetsa kunja popanda kufunsa kholo, zomwe sizikusiyana ndi zithunzi za atsamunda zija. Kujambula munthu mosayembekezera ndi luso labwino, koma ukatha umapita kwa iye, kumuonetsa, n'kufunsa kuti, "Mayi, ndachita chonchi, mukuti bwanji? Ndisunge kapena ndifufute?" Akati fufuta, fufuta.

Chachiwiri ndi nkhope yeniyeniyo. Mafoni ambiri amayeretsa khungu okha, kusalaza makwinya, kuchotsa zipsera. Jekete lobwereka la mu situdiyo lija linkasintha chovala, nkhope n'kuisiya mmene Mulungu anaipangira. Lero mtsikana wakuda bwino amadziona pafoni atayera mbee n'kuyamba kuipidwa ndi khungu la mayi ake. Mphini za agogo, mpata wa m'mano, makwinya a bambo amene alima zaka zonsezi, zimenezi ndizo zidzauze adzukulu kuti iwo anachokera kwa yani.

Chachitatu, ndipo chachikulu, ndi kusunga. Tikujambula kwambiri kuposa m'badwo wina uliwonse, koma ndikuopa kuti tidzasiya zochepa kuposa makolo athu. Zithunzi zili m'foni, foni yabedwa m'depoti, yagwera m'chitsime, yangozima yokha. Malo akadzaza timafufuta mosayang'ana n'komwe. Zomwe tinaika pa status zinatha tsiku lomwelo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo zithunzi zathu zambiri zili pachala. Pitani pamaliro alionse muone mmene achibale amavutikira usiku kufunafuna chithunzi choti aike papulogalamu kapena pamtanda. Munthu anali ndi foni zaka ndi zaka, koma mapeto ake amakatenga kankhope ka pa chiphaso cha unzika, kaja tinajambulitsa pa kalembera wa mu 2017, kapena kudula mutu wake pa chithunzi cha gulu, chosaoneka bwino. Ana a masiku ano sapatsanso mlendo alubamu. Amamupatsa rimoti, ndipo mukawafunsa dzina la agogo a mayi awo amayang'anana.

Sindikunena kuti pepala silifa. Chiswe chimadya, denga limadontha, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu pamodzi ndi zonse zinali m'katimo. Mabanja amene zithunzi zawo zinali zitatumizidwako kwa achibale pafoni ndi amene anapulumutsako kanthu. Ndiye nzeru ndi kugwira ziwiri zonse: zakale zija tizijambule ndi foni n'kugawira abale, zatsopanozi tisankhepo zochepa n'kukazisindikiza.

Palinso chuma china chimene chikuwonongeka mwakachetechete. Ojambula akale aja ambiri akalamba, ena anatisiya, ndipo m'nyumba zawo muli makatoni a manegetivu amene ana awo sakudziwa chochita nawo. M'makatoni amenewo muli maukwati, mipira ya pasukulu, misonkhano ya chipani, magule, misika, nkhope za boma lathunthu kwa zaka makumi angapo. Ku Zomba kuli National Archives, ku Mandala House mu Blantyre kuli Society of Malawi imene imasunga zithunzi zakale, komanso tili ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya ku Chichiri. Ndikanakonda malo amenewa, pamodzi ndi masukulu athu aukachenjede, akanatuma achinyamata m'maboma kukafunafuna makatoniwa mvula ina isanawalowe. Ndipo inu amene bambo anu anali wojambula, chonde musawatenthe, musawapatse ana kuti aziseweretsa.

Inu amene muli ndi foni m'thumba ndipo kumudzi kudakali gogo woumba, woluka kapena woimba kaligo, pitani chaka chomwe chino. Khalani nawo pansi, chezani, pemphani. Akafuna kukasintha zovala aloleni, muwajambule mmene iwo akufunira, pakuti ndi ufulu wawo. Mukatero muwapemphe chachiwiri, ali pantchito yawo, manja akuoneka. Mukasindikize ziwiri zonse, china mukawapatse m'manja, ndipo kuseri kwa chilichonse mulembe dzina lawo lonse, mfunda wawo, mudzi, mfumu ndi chaka.